Zaka 75 ndi chigumu cha pa mbaula

Makolo athu ambiri sanakule ndi mwambo wokumbukira tsiku lobadwa. Munthu ankangodziwa kuti anabadwa chaka cha dzombe, chaka cha njala, kapena chaka chimene mfumu yakutiyakuti inalowa ufumu, ndipo zinkakwanira. Amayi athu ali m'gulu lomweli. Chimene anauzidwa ndi amayi awo n'chakuti anabadwira ku Lirangwe chaka chotsatira njala ya 1949, nthawi yokumba mbatata, anthu atayambanso kukhuta. Tsiku lenilenilo analipeza atakalamba kale. Pa kalembera wa ziphaso za unzika wa 2017 mlembi anafuna tsiku ndi mwezi zoti alembe, ndipo atakambirana anagwirizana pa 15 June 1950. Kuchokera pamenepo Amayi ali ndi tsiku lobadwa, ngakhale kuti eniakewo mukawafunsa amayamba atulutsa chiphaso m'kachikwama kuti aonepo.

Kwa mmodzi wa ife awiri ndi mayi womubereka, kwa winayo ndi apongozi, koma pakhomo pano tonse timangoti Amayi, ana athu n'kumati agogo.

Chaka cha 2025 chinali choti akwanitse zaka 75, ndipo chinali chaka chomwecho chimene Bambo anatisiya, m'mwezi wa February. Zovuta zitatha tinagwirizana pachibale kuti Amayi abwere kudzakhala nafe kuno ku Chilomoni, poti ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi ndipo amafunika kukaonedwa kuchipatala mwezi ndi mwezi. Anabwera osakana, koma amene anafika sanali Amayi amene timawadziwa. Munthu amene moyo wake wonse ankadzuka tambala asanalire, amene sankatha kudutsa pa lichero la nyemba osayamba kusankha, tsopano ankangokhala pakhonde manja ali pamiyendo. Nsima ankangoitsina kawiri katatu. Akafuna madzi akumwa ankapempha, m'nyumba ya mwana wawo yemwe. Zovala zinakhalabe m'chikwama chimene anabwera nacho, ndipo tikawauza kuti aziike m'kabati ankayankha kuti mlendo ndi mame. Anansi akawapatsa moni kudzera pampanda ankayankha mwaulemu, nkhani n'kuthera pomwepo.

June akuyandikira, gulu la banja lathu la pa WhatsApp linatentha. Achimwene amene ali ku Johannesburg anati zaka 75 si zamasewera, atumiza ndalama: pakhale tenti, zokuzira mawu, keke ya nsanjika yokhala ndi chithunzi cha Amayi pamwamba, ndipo akazi onse asoketse chitenje chofanana. Sitikuwanena. Munthu akakhala kutali, mayi ake ali pachisoni, chimene angathe kufikira nacho ndi ndalama basi, ndipo amafuna kuti ndalamazo zioneke. Komanso ndi mmene zinthu zikuyendera masiku ano m'matauni mwathu: mwana wa chaka chimodzi, amene sadziwa n'komwe chikuchitika, amamukonzera phwando limene makolo amalibweza ngongole mpaka miyezi itatu, cholinga zithunzi zituluke bwino pa Facebook. Titawafotokozera Amayi za maganizo a achimwenewo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Dothi la pamanda a bambo anu silinakhazikike, ine ndizikavina mutenti? Auzeni asavutike."

Anali kunena zoona, ndipo sitinafune kuwakakamiza. Komabe kungolisiya tsikulo kuti lidutse ngati masiku ena onse kunatiopsa kwambiri. Kukanakhala ngati tavomereza zimene Amayi ankaoneka kuti akudziuza mumtima, kuti zawo zinatha mu February, chatsala n'kudikira. Choncho za phwando tinazisiya, n'kuwapempha china. Tinati, "Amayi, adzukulu anuwa chigumu amangochiona chogulitsa pamsewu, cha pa mbaula sanaonepo chikuphikidwa. Pa 15 pano ndi Sande, tonse tidzakhalapo. Simungawaphunzitse?" Anatiyang'ana nthawi yaitali. Amayi si munthu wopusitsika, anadziwa bwino lomwe kumene nkhaniyo inkalowera. Pomaliza anafunsa kuti, "Nthochi zake mwaziona? Osati zanu zija zobiriwira kumutu."

Zogula tinagula Lachisanu m'mawa, pamodzi ndi zokonzekera Sabata. Nthochi za chigumu ndi zija zimene ogulitsa amayamba kutsitsa mtengo, makoko atachita madontho akuda, chifukwa nthochi ikapsa chotero ukhuthala wake umakhala utasanduka shuga ndipo imafinyika mosavuta. Tinagayitsa mgaiwa watsopano. Mgaiwa umasunga madeya ndi kamtima ka chimanga, kamene kamakhala ndi mafuta, n'chifukwa chake umakoma komanso n'chifukwa chake sufuna kukhalitsa. Tinagulanso fulawa, yisiti, mtedza, malambe ndi mbatata yofiira mkati. Mtedzawo Amayi anausankha okha Lachisanu lomwelo, kuchotsa wofota, wosweka ndi wooneka wachuku, asanaukazinge ndi kuusinja. Aka kanali koyamba kuwaona atagwira lichero chifikireni.

Mkangano unabuka pa soda. Chigumu chonse chimene Amayi anaphikapo m'moyo wawo chinali cha soda, ndipo sankaona chifukwa chosinthira atakwanitsa zaka 75. Koma kuchipatala anawauza kuti achepetse mchere ndi shuga, ndipo chimene anthu ambiri sadziwa n'chakuti soda ali ndi sodium, chinthu chomwecho chimene chimachititsa kuti mchere ukhale wovuta kwa munthu wa BP. Bungwe la zaumoyo la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere patsiku, kutanthauza kasupuni kamodzi ka tiyi kosadzaza, kuphatikiza wa m'ndiwo, wa mubuledi ndi wina aliyense. Kuwonjezera apo soda amawononga vitamini B1 wa m'chakudya, ndipo m'mabanja ambiri a mpingo wathu anamusiya kalekale n'kumagwiritsa ntchito yisiti. Amayi anati yisiti ndi wa buledi, mgaiwa sungafufume naye. Apanso ankanena zoona. Ufa wa tirigu ukanyowa ndi kukandidwa umatamuka ngati ulimbo, ndipo ulimbowo ndi umene umagwira mpweya wochokera ku yisiti. Ufa wa chimanga ulibe ulimbo umenewo, mpweya umangotuluka. Tinagwirizana zosakaniza theka mgaiwa, theka fulawa. Anavomera, koma ananeneratu kuti chikakanika asatchulidwe dzina.

Sande kunacha ndi chiperoni, kamvula kowaza ndi mphepo yolowa m'mafupa. Amayi anadzuka ife tisanadzuke. Pamene tinkatuluka tinapeza atamanga mpango, atakhala pamkeka kukhonde la kuseri, beseni lili pakati pa miyendo, adzukulu awiri akusenda nthochi. Iwo sayeza ndi kapu, amayeza ndi dzanja ndi diso. Mwana wathu wamkazi ndiye anaima pambali ndi kope la kusukulu, chilichonse chimene agogo ake atapa iye n'kuyamba wachithira m'kapu kuti alembe. Zimene zinalembedwa m'kopemo ndi izi: makapu 2 a mgaiwa, makapu 2 a fulawa, theka la kapu ya nsinjiro, nthochi 6 zofinya bwino, timasupuni 2 ta yisiti, masupuni 4 a mafuta ophikira, mchere wongotsina, ndi madzi ofunda pafupifupi kapu imodzi ndi theka. Shuga sanalowemo. Madziwo agogo ankawayesa ndi chala, n'kumuuza mdzukuluyo kuti akhale ngati osambitsira khanda, chifukwa otentha amapha yisiti ndipo ozizira amamugoneka. Anatakasa ndi mthiko mpaka zinalimba ngati phala la nsima likamayamba kugwira, n'kuvundikira beseni ndi chitenje, kuliika pafupi ndi mbaula. Kukanakhala kotentha ola limodzi likanakwana. Ndi chiperoni chija tinadikira ola ndi theka.

Sitinaitane munthu aliyense. Anansi anabwera chifukwa cha sefuliya. Uvuni tilibe, ndipo Amayi atagogoda masefuliya athu onse ndi chala anati ndi opyapyala, chigumu chipserera pansi mkati musanapse. Tinatuma mnyamata wathu kwa mayi a kuseri kwa mpanda, amene amagulitsa tomato pamsika, kuti akabwereke sefuliya yawo yochindikala ija. Mayiwo anafunsa kuti kwagwanji m'mawa wonsewu, mwana n'kuulula zonse. Sefuliyayo anabwera nayo okha, ataisenza pamutu, m'manja atanyamula chidutswa cha lata chovundikirira. Asanakhale n'komwe anati, "Agogo, ndiye mumafuna mubadwe mobisa, ife aneba anu osadziwa?" Amayi anaseka. Kunali kuseka kwakufupi, kobisa pakamwa ndi dzanja, koma tonse tinakumva.

Mayi amenewa ndi Msilamu, ndipo ndi amene ankatisungira makiyi ndi kudyetsa nkhuku masiku onse amene tinali kumaliro. M'tauni muno mipanda ikukwera chaka ndi chaka, ndipo tazolowera kuganiza kuti khomo labwino ndi limene silipempha kanthu kwa munthu. Ife taona kuti pakhomo pamene sabwereka kanthu anthu amaopanso kufikapo, chifukwa alibe poyambira. Sefuliya ija ikanakhala yathu, tsiku lonse tikanakhala asanu.

Kuphika pa mbaula nkhani yake ndi moto. Amayi anapaka sefuliya mafuta, kuwazamo kaufa, kuthiramo zosakaniza zija mpaka kupitirira theka pang'ono, n'kuzisiya kanthawi kuti zidzukenso. Pansi anasiya makala owerengeka okha, ena n'kuwakwirira ndi phulusa. Makala ambiri anawaika pamwamba pa lata, kuwayala mozungulira m'mbali, pakati n'kuikapo ochepa. Pakapita kanthawi ankatembenuza sefuliya pang'ono kuti mbali imodzi isalandire moto yokha, ndipo analetsa aliyense kuvundukula mphindi 20 zoyambirira, chifukwa mphepo yozizira ikalowa chigumu chimaphwa pakati. Bambo a pakhomo pano, pofuna kuthandiza, anawonjezera makala pansi. Amayi anakuwa, "Iii, phulani makala amenewo! Mukuwotcha chimanga kodi?" Anaphula msangamsanga, ana akudzigwira pakamwa. Chiyambire February tinali tisanamve mawu a Amayi akukwera chotero, ndipo sitinaganizepo kuti tsiku lina tidzasangalala pomva munthu akukalipiridwa.

Fungo la nthochi ndi nsinjiro litayamba kuwoloka mpanda, anatulukira mtsikana amene amachita lendi nyumba yoyang'anizana nafe, mwana ali kumsana. Mwamuna wake amayendetsa galimoto zamtunda wautali, ndipo iye amakhala yekha milungu yathunthu. Anati wabwera kudzapala moto, koma moto atapala sanachoke. Amayi anamuyang'ana, n'kumusunthira beseni lachiwiri. "Sambani m'manja mwanawe, mutikandireko apa."

M'beseni limenelo munali za masikono a mbatata. Mbatata yofiira mkati tinaiphika ndi makoko ake, kuisenda, kuifinya mpaka kusalala, n'kuisakaniza ndi fulawa, gawo limodzi la mbatata pa magawo awiri a fulawa, kuthiramo yisiti, mafuta pang'ono ndi madzi ochepa kwambiri poti mbatatayo imabwera ndi madzi ake. Masikono ake amatuluka achikasu, otsekemera okha, ndipo safulumira kuuma. Amapulumutsanso fulawa, amene mtengo wake aliyense akuudziwa. Mbatata ya mtundu umenewu, monga Zondeni, Kadyaubwerere, Chipika ndi Kaphulira, ili ndi chimene thupi limasandutsa vitamini A, wothandiza maso ndi chitetezo cha m'thupi, ndipo thupi limachilandira bwino chikadyedwa ndi kamafuta. Amayi anakulira mbatata yoyera ndipo yofiirayi ankaiderera kuti ndi yamadzimadzi, yosagwira pamimba. Atawona mmene yakandikira anati mwina ntchito yake ndi imeneyi.

Chigumu chinatenga pafupifupi mphindi 50. Amayi analasa mpeni pakati, unatuluka wouma, ndipo anachisiya kuti chipume asanachigadabuze m'lichero. Chinatuluka chathunthu, chofiirira pamwamba, chofufuma kuposa mmene iwo ankayembekezera. Anachidina ndi chala, chinabwerera. Sananene kuti yisiti wapambana. Anangoti nthochi zake zinali zabwino.

Chakumwa chinali cha malambe. Tinawaviika m'madzi owiritsa amene tinawasiya kuti azizire, kuwafikisa, kusefa, n'kuthiramo shuga wochepa woti angoziziritsa kuwawasa. Malambe ali ndi vitamini C wambiri, amene amawonongeka ndi kutentha, n'chifukwa chake sitiwaphika. Kapu ya Amayi tinapatula shuga asanalowe. Ana anafunsa za zakumwa za m'botolo, poti kuphwando kulikonse kumene anapitako zimakhalapo. Botolo limodzi laling'ono limakhala ndi shuga wokwana timasupuni pafupifupi 8, pamene malangizo a WHO amati munthu wamkulu asapitirire timasupuni 12 patsiku lonse, ndipo n'kwabwino koposa atalekeza pa 6. Anawo sanakhutire ndi masamu amenewa, koma malambe anamwa mpaka kupempha ena.

Pofika 3 koloko masana tinalipo anthu 13 pakhonde ndi pabwalo, kamvula katasiya. Abambo a ukalipentala a kumtunda, mkulu wa mpingo wa CCAP, anamva kwa akazi awo ndipo anabwera atanyamula kampando kafupi kokhala ndi potsamira, kamene anati anakakhoma ndi zidutswa zotsala. Anati anaona kuti agogo amavutika podzuka pamkeka. Ife amene timakhala nawo m'nyumba tinkaona zomwezo tsiku ndi tsiku n'kumangowagwira dzanja, koma mmisiri amaona ndi maso ena. Akazi awo anabweretsa mbale ya manachesi a ku Mwanza, poti inali nyengo yake. Mayi a tomato anabwereranso atavala bwino, ndi sopo wokulunga m'pepala. Ndalama za achimwene zinagula bulangete lochindikala, juzi ndi mankhwala a miyezi itatu, ndipo eniakewo anaonera zonse pa foni, ali chiimire panja pa malo awo a ntchito.

Ana anali atasunga kandulo imodzi yoti aibaye pa chigumu. Atawafotokozera agogo kuti akuyenera kuiuzira, anadabwa kwambiri. "Ndiuzire mpweya wanga pa chakudya choti alendo adye?" Kandulo inaikidwa m'sosala pambali, ndipo anaizimitsa ndi zala ziwiri monga amachitira kumudzi. Anawo anaimba nyimbo yawo ya Chingerezi ija, tinapemphera mwachidule, Amayi n'kudula chigumu okha, kuyambira ndi alendo. Iwo anadya kachidutswa kamodzi ndi theka la sikono, chifukwa nthochi ndi mbatata, ngakhale zili zachilengedwe, shuga wake amawerengedwabe m'thupi.

Ndi abambo a ukalipentala amene anafunsa kuti, "Mayi, 1950 ndiye kuti munabadwa njala itangotha kumene?" Funso limeneli linatsegula zimene ife ana awo tinali tisanamvepo mwadongosolo. Anafotokoza zimene amayi awo ankawauza: mvula imene inadula mbewu zili m'munda, anthu kuyenda mitunda italiitali kukasuma, kudya madeya ndi mizu yakutchire, amuna kuchoka kuti akasake chakudya ena osabwereranso, akazi n'kutsala ndi ana. Anati amayi awo anali ndi pakati pa iwo m'miyezi yoipitsitsa ya njalayo, ndipo pamudzi ankanena kuti mwana ameneyo sakhala. Mayi a tomato anati agogo awo ku Chiradzulu ankasimba zomwezo, ndipo awiriwo anayamba kufunsana mayina a mizu ndi ndiwo zakutchire, kutsutsana ndi kukumbutsana, ife tonse tili chete. Mdzukulu wa kope uja anatembenuza tsamba n'kupitiriza kulemba.

Kenako Amayi anatola kachidutswa ka m'mphepete, kolimba kaja kamene kamakhudzana ndi sefuliya, n'kunena kuti Bambo ankakonda pamenepa, ankachita kulimbirana ndi ana. Mawu anathera pakhosi, misozi inatsika. Panalibe amene anawaletsa kapena kuwauza kuti lero ndi tsiku lachisangalalo. Mayi a tomato anangosendera pafupi, kuika dzanja pabondo lawo. Khanda la mtsikana uja linkayamwa, mbaula inkazirala. Patapita kanthawi Amayi anapukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje, n'kupempha kuti tiimbe nyimbo imene Bambo ankayambitsa potsekulira Sabata. Amene ankaidziwa tinaimba, amene sankaidziwa anamvetsera. Mutenti ya zokuzira mawu misozi imeneyi akanaimeza, kapena akanakalirira kuchipinda okha anthu akuvina panja.

Dzuwa likupendeka Amayi anayamba kugawa zotsala. Anawerenga nyumba za mumzere wathu zimene sizinabwere, kuphatikizapo ya anyamata awiri ogulitsa makala amene sitinkaganiza kuti amawadziwa, ndipo nyumba iliyonse inalandira mbale yake yovundikira. Zinapezeka kuti miyezi yonse imene ankakhala chete pakhonde ija ankaona aliyense wodutsa, ndipo ankadziwa khomo limene lili ndi wodwala ndi limene ana ake amapita kusukulu osadya.

Mbalezo zinabwerera mlungu wonse, imodziimodzi. Ina inabwera ndi nyemba, ina ndi chisoso, ya anyamata aja inabwera ndi kajumbo ka makala pamwamba. Aliyense wobweza mbale ankafunsa agogo, osati ife, ndipo ankakhala pansi kaye. Lachiwiri mtsikana wa lendi anafika ndi fulawa wake ndi mbatata, kuti aphunzire masikono kuyambira poyamba, ali ndi maganizo oti azigulitsa pageti la sukulu. Amayi anakhala pa kampando kawo katsopano n'kumamulangiza, ndipo tinawamva akumuuza kuti soda amusiye, agwiritse ntchito yisiti.

Chikwama chija chikadali pansi pa bedi, ndipo Amayi amanenabe za kubwerera ku Lirangwe tikakamanga chiliza cha Bambo. Masiku ena amadzuka ali chete ngati kale, nsima n'kuibweza. Koma mwezi watha tinawapeza kuseri akuyeza ndi mapazi kamalo kamene kali pakati pa bafa ndi mpanda. Anati pangakwane mizere inayi, ndipo anali atapangana kale ndi mayi a tomato kuti mvula ikakhazikika adzawapezere mbewu ya mbatata, yofiira mkati ija.